Kodi ndi tchimo kufuna kuthokozedwa mumpingo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Monkey Bay, ndipo dzina ndalisunga monga anapempha. Akuti kwa zaka 9 akhala akusesa m'tchalitchi Loweruka lililonse, kuphikira alendo a abusa, ndi kuchezera pamaliro pamodzi ndi amayi anzawo a Mvano. Tsiku la masika chaka chino, amene anaitanidwa kutsogolo n'kuomberedwa m'manja ndi bambo wina amene anapereka matumba a simenti ndi envelopu yonenepa. Iwo palibe anawatchula. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndikuchimwa pomva kuwawa mumtima? Anzanga akuti wogwirira ntchito Mulungu sayembekezera zikomo wa munthu. Chichokereni tsikulo ngakhale pemphero loyamika likundikanika."

Mayi, simukuchimwa. Pa Luka 17, akhate 10 anachira ndipo mmodzi yekha, Msamariya, ndiye anabwerera kudzagwada. Yesu sanangoziona n'kukhala chete. Anafunsa poyera kuti 9 enawo ali kuti. Komatu anthu 9 amenewo sanali osamvera ayi: anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, ndipo anapitadi. Chimene anasowa ndi kutembenuka n'kubwerera kwa amene anawachitira zabwino. Ngati Ambuye mwini anaona kuti pali chosowa, ine sindingakuuzeni kuti mtima wanu walakwa poona chomwecho.

Makolo athu ankazidziwa izi. Munthu akakupatsa nsima kapena kukubwereka khasu, sunkathokoza kamodzi n'kutha. Mawa lake mukakumana pachitsime kapena padoko unkayamba ndi "zikomo za dzulo", kuti adziwe kuti wagona nazo mumtima. Kuno ku Mangochi tikukhalanso ndi abale athu Achisilamu amene ukawalonjera, asananene za mutu kapena msana ukuwawa, amayamba ndi Alhamdulillah, kutanthauza kuti Mulungu atamandike. Ine Mkhristu ndachitapo manyazi kangapo pamsika chifukwa cha zimenezi.

Tsegulani Aroma 16, mutu umene alaliki ambiri amaudumpha poti ndi maina okhaokha. Paulo wangomaliza kufotokoza ziphunzitso zozama kwambiri, kenako akukhala pansi n'kuyamba kutchula anthu oposa 20, aliyense ndi chimene anachita. Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, amene anathandiza ambiri. Priska ndi Akula amene anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha iye. Mariya wina amene za iye timangodziwa chimodzi, kuti anagwira ntchito molimbika. Mayi ake a Rufo, amene Paulo akuti anali mayi kwa iyenso. Mayi ameneyu sitimva kuti analalikirapo. Ndimaganiza kuti anali wonga inu, wotereka madzi osamba ndi kupakula chakudya mlendo akafika atatopa. Kalata imeneyi inkawerengedwa mokweza pamaso pa mpingo, ndiye kuti anthuwa anamva maina awo akutchulidwa pagulu. Paulo sanaope kuti atukumuka.

Nanga ife timalakwa pati? Timathokoza zimene zimawerengeka. Simenti imalowa m'buku la msungichuma, tsache sililowa. Bambo wa simentiyo sanalakwe, ndipo tchalitchi sichimangidwa ndi malovu. Koma mpingo ukamaombera m'manja envelopu yokha chaka ndi chaka, ana a Sande sukulu amaphunzirapo kanthu ngakhale palibe anawaphunzitsa: kuti pamaso pa Mulungu wofunika ndi wathumba. Yakobo 2 anadzudzula kale za kupereka mpando wabwino kwa wovala mphete yagolide, ndipo Yesu atakhala pafupi ndi mosungiramo zopereka, amene anaitanira ophunzira ake kuti amuone anali mayi wamasiye wa timakobidi tiwiri.

Mlandu uwu inenso ndili nawo. Chaka china ndili mlembi wa mpingo ndinawerenga maina a othandiza pa msonkhano waukulu, mpaka wobwereketsa zokuzira mawu. Ndinaiwala agogo amene ankaimba belu, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo wa mango, m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri. Anandikumbutsa ndi mayi a kunyumba tikudya. Mawa lake ndinapita kukapepesa. Agogowo anangoseka n'kundipatsa mpando, koma Sabata lotsatira nditawatchula pa zolengeza ndinawaona akupukuta m'maso ndi chipewa.

Anzanu aja nawo ali ndi mbali yawo yoona. Mateyu 6 amachenjeza za ochita zabwino kuti anthu awaone, kuti amenewo alandiriratu mphotho yawo. Ntchito imene imaima zikomo akasowa yasanduka ganyu. Koma chenjezo limenelo ndi la wogwira ntchito, kuti adzifunse yekha mumtima. Silinaperekedwe kwa atsogoleri kuti likhale chobisalirapo akaiwala kuthokoza.

Inu muli pafupi ndi Cape Maclear. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anafika kumeneko ndi sitima ya Ilala, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe malungo atawasautsa. Anasiya manda, ndipo pa zaka zonsezo amene anabatizidwa anali mmodzi, Albert Namalambe. Dzina la Robert Laws, mmodzi wa amishoniwo, mwana wasukulu aliyense amalidziwa. Koma m'manda aja mwagona Shadrach Ngunana, Mxhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene anabwera kudzaphunzitsa ndipo anamwalira mu 1877. Ndi angati a ife amene tinamvapo dzina lake paguwa? Kuiwala antchito ena ndi matenda akale mumpingo, sanayambire pa inu. Tsiku lina mukapeza ya basi, mukaone mandawo.

Za pemphero lanu limene lauma ndi zimene zandikhudza kwambiri, chifukwa pamenepo ndi pamene kusayamika kwa anthu kumaba chinthu chimene si chawo. Amene sanakutchuleni ndi a komiti, osati Mulungu. Pa Machitidwe 27, Paulo ali m'ngalawa ya anthu 276, namondwe atawazunza masiku 14, anatenga mkate n'kuyamika Mulungu pamaso pa onse. Nthawi imeneyo mafunde anali asanaleke, gombe anali asanalipondepo. Asodzi athu amene mwera unawapezapo pakati pa nyanja mu Julaye akudziwa kuti pamenepo munthu sayamika chifukwa mtima ukukondwa. Amangogwira chimene chili m'manja n'kuchitchula. Inunso musayambe ndi mawu akuluakulu. Tchulani usipa wa lero, mwana amene wabwera bwino kusukulu, miyendo imene ikukufikitsanibe kutchalitchi. Kukoma kwa pemphero kumabwera pambuyo, nthawi zina mochedwa ndithu.

Ndipo nkhaniyi musaimeze. Mukaisunga, idzatulukira kumbali ngati miseche pophika pamaliro, ndipo pamenepo ndiye padzakhala tchimo lenileni. Pitani kwa mkulu wa mpingo amene mumamasuka naye, kapena kwa amayi abusa, mukanene mofatsa. Musakadzinenere nokha: mukatchule amene mumasesa nawo, wotunga madzi, wotsegula zitseko, mnyamata wonyamula mabenchi. Mukapemphe kuti pa masika a chaka chamawa, asanaitane a maenvelopu, anthu amenewa adzaimirire ndipo mpingo udzawapempherere. Nthawi zambiri akuluakuluwa sachita dala, amangowerenga zimene zalembedwa papepala, monga ndinachitira ine.

Loweruka likubwerali mukafika ndi tsache lanu, muyambe ndi mayi amene amafika inu musanafike. Ndikukhulupirira alipo, ndipo mwina nayenso tsiku la masika lija anabwerera kunyumba ali chete. Mundilemberenso zimene akulu a mpingo akayankhe.