Foni kukhutu ndi mlandu, nanga ya pa sipika bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ntchito yawo ndi yoyendetsa galimoto tsiku ndi tsiku. Apolisi apamsewu anawalipiritsa chindapusa atawapeza foni ili kukhutu. Kulakwa sakukana. Chimene chikuwawawa n'chakuti ali chiimire pambali pa msewu, panadutsa dalaivala wina akubwetuka pa foni kudzera pa sipika ya galimoto, mpaka mutu kugwedezera, koma palibe anamuimitsa. Ndiye akufunsa kuti: "Kusiyana kwake n'kotani? Ngati vuto ndi dzanja, bwanji osaletsanso kusintha giya?"

Bambo, funso lanuli ndi lomveka, ndipo mbali ina mukunena zoona.

Mu 1997, Donald Redelmeier ndi Robert Tibshirani anatulutsa kafukufuku amene anachitira mumzinda wa Toronto, ku Canada. Anatenga madalaivala 699 amene anachitapo ngozi, n'kuyerekeza nthawi ya ngoziyo ndi nthawi imene mabilu a foni zawo ankasonyeza kuti amayankhula. Anapeza kuti munthu akakhala pa foni, mpata wochita ngozi umachuluka pafupifupi kanayi. Chimene chikukukhudzani inu ndi ichi: amene ankayankhula foni isali m'manja sanaoneke kuti apulumuka kwenikweni. Pambuyo pake David Strayer ndi anzake a ku University of Utah anayesa anthu pa makina oyerekezera kuyendetsa galimoto, ndipo onse, ogwira foni ndi osagwira omwe, ankachedwa kuponda mabuleki.

Chimene foni imaba kwambiri ndi maganizo. Kodi simunayambe mwayankhulapo nkhani yovuta, ya ngongole kapena ya matenda, n'kuzindikira mwadutsa kale mphambano ziwiri osakumbukira kuti munadutsapo bwanji? Maso anali pamsewu, eni ake muli kwina. Ena amati, nanga si chimodzimodzi kucheza ndi munthu amene mwamunyamula? Ayi. Wokhala pambali panuyo msewu akuuona. Lole ikatulukira mwadzidzidzi amangokhala chete yekha, mwinanso kukuwa kuti "taonani uko!" Wa pa foni sakuona kanthu, amangopitiriza, ndipo mukakhala duu amafunsa kuti "halo, mukundimva?"

Nanga bwanji malamulo ambiri amaletsa ya m'manja yokha? Chifukwa choyamba n'chosavuta: wapolisi amagwira chimene akuchiona. Foni ili kukhutu imaonekera patali. Koma munthu amene milomo ikungogwedera ali yekha m'galimoto, mudziwa bwanji ngati akuyankhula pa foni, akuimba nyimbo kapena akupemphera? Lamulo loti silingatsatidwe limangosanduka nthabwala.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene ine ndimachiona kuti n'cholemera. Pamene chigawo cha New York, ku America, chinkakhazikitsa lamuloli mu 2001, Britain n'kutsatira mu 2003, foni inali yoimbira ndi kutumizira timauthenga. Lero dzanja likangoigwira, maso amatsatira. Mwangoti muone amene akuimba, kenako pali uthenga wa pa WhatsApp, chala chayamba kale kuyenda. Tiyeni tiwerengetsere. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Kuwerenga uthenga kwa masekondi asanu ndiye kuti mwayenda mamita oposa 80 osaona kutsogolo, mtunda wotsala pang'ono kukwana bwalo la mpira. Mwana wothamangira mpira wake, wanjinga wozemba dzenje, onsewo angakhale m'kati mwa mamita amenewo. Mu 2009, a bungwe lofufuza za mtengatenga la Virginia Tech Transportation Institute, ku America, ataika makamera m'malole, anapeza kuti dalaivala wolemba meseji amakhala pa chiopsezo chochita ngozi, kapena kutsala pang'ono kuichita, kuwirikiza ka 23.

Apa ndi pamene giya ikusiyana ndi foni. Giya mumasintha osaiyang'ana, osaiganizira, sekondi imodzi dzanja labwerera pa chiwongolero. Ndipo giya siyankha.

Opanga malamulo nawonso akhala akuthamangitsana ndi foni. Ku Britain lamulo la 2003 linkanena za kugwiritsa ntchito foni polumikizana ndi ena. Mu 2019 khoti lalikulu linamasula munthu amene anagwidwa akujambula vidiyo ya ngozi uku akuyendetsa, poti kujambula si kulumikizana ndi munthu. Zoseketsa, koma lamulo linalembedwa choncho. Mu 2022 anatseka mpatawo: tsopano kujambula, kusaka nyimbo, ngakhale kungoyatsa sikirini foni ili m'manja, ndi mlandu. Chilango chake ndi mapaundi 200 ndi mapointi 6 a chilango olembedwa pa laisensi, ndipo amene sanathe zaka ziwiri chitengereni laisensi amalandidwa laisensiyo. Kumeneko ngakhale mutaima pa maloboti kapena pa mzere wa magalimoto, mukuwerengedwa kuti mukuyendetsabe. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, kuyambira 2019 ntchito yogwira olakwa anaipatsanso makamera amene amajambula kuchokera pamwamba n'kuona foni ngakhale ili pamiyendo. Malamulowa amasiyana dziko ndi dziko, choncho ndi bwino kuwerenga la kwanuko, makamaka pa nkhani ya maloboti imeneyi.

Ndiye kodi anakulakwirani, bambo? Ine ndikuti ayi. Lamulolo ndi loperewera, koma chimene likuletsacho n'choyeneradi kuletsedwa, ndipo chindapusa chanu chinali m'malo mwake. Dalaivala wa pa sipika uja lamulo lamulekerera chifukwa chosowa pomugwirira. Ineyo nditakwera galimoto yake, n'kuona wayamba kukangana ndi munthu pa sipikapo, ndingamupemphe aime kaye pambali, amalize mkanganowo, kenako tizipita.