Mpingo ungogawa chimanga, kapena ulankhulenso za minda ndi masikelo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mkulu wa mpingo wina ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Akuti mu Januwale ndi Febuluwale mpingo wawo umasonkha chimanga n'kugawira mabanja ovutika, koma mabanja ake ndi omwewo chaka ndi chaka. Achinyamata akufuna mpingo ulankhule za minda imene ikulandidwa ndi za mavenda obera pa sikelo. Akuluakulu akukana, akuti zimenezo ndi ndale, ndipo Aroma 13 amati tizimvera olamulira. Akufunsa kuti akulondola ndani.

Bambo, chimangacho musaleke kugawa, pakuti mwana wanjala sangadikire kuti malamulo ayambe akonzeka. Koma achinyamata anuwo akunena zoona. Mulungu sanasiye mphawi m'manja mwa chifundo cha wolemera chokha, anamuikira malamulo. Khunkha la pa Levitiko 19:9-10 linali ufulu wa wosauka, mwini munda afune asafune. Deuteronomo 24:15 amati waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe. Levitiko 25 amalamula kuti pa chaka cha 50 munda ubwerere kwa eni ake, kuti umphawi wa bambo usakhale cholowa cha zidzukulu. Amosi 8:5 amadzudzula ochepetsa muyeso ndi a masikelo onyenga. Nehemiya atamva kuti anthu akupinyolitsa minda chifukwa cha njala, anaitanitsa msonkhano waukulu, nalumbiritsa olemera pamaso pa ansembe kuti abweze mindayo.

Nanga Aroma 13? Vesi 4 imati wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu woti akuchitireni zabwino. Paulo yemweyo atakwapulidwa ku Filipi popanda kuzengedwa mlandu, anakana kutuluka m'ndende mwakachetechete mpaka oweruza anabwera okha (Machitidwe 16:37). Kukumbutsa wolamulira lamulo lake lomwe si kupanduka. Akuluakulu anu akukumbukira kuti pa zokambirana zimene zinabala mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 ku Roma, mmodzi wa amkhalapakati anali Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira.

Tsono yambani ndi malo, chifukwa apa ndi pamene anthu athu amagonja kawirikawiri pamene lamulo lili kumbali yawo. Lamulo la malo la 1997 (Lei 19/97) limati nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa. Koma mudzi kapena banja limene likukhala pamalo motsata mwambo lili kale ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo ndi kupindula nawo, ngakhale lilibe pepala. Nzika imene yalima pamalo mwachilungamo kwa zaka 10 nayonso ili nayo. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amayi ndi abambo, umalandiridwa. Ndipo wofuna malo ochitirapo bizinesi sangapatsidwe anthu asanafunsidwe pa consulta comunitária, msonkhano womva maganizo a anthu a m'mudzi.

Zinthu zimaonongekera pa consulta pomwepo. Msonkhano umaitanidwa mwadzidzidzi, mwina tsiku la msika, pamabwera amfumu ndi anthu ochepa. Acta, chikalata cha zimene zagwirizanidwa pa msonkhanowo, imalembedwa m'Chipwitikizi, anthu n'kudinda chala osaimva. Malonjezo a mjigo, sukulu ndi ntchito amanenedwa pakamwa, mu acta osalowamo. Mpingo uli ndi mankhwala a zonsezi. Lengezani tsiku la consulta Lamlungu pa zolengeza. Tumizani anthu awiri odziwa bwino Chipwitikizi, mmodzi akhale mayi, awerenge acta mokweza ndi kuimasulira m'Chichewa wina asanasaine. Lonjezo lililonse lilembedwe ndi nambala ndi tsiku: mijigo ingati, pamalo ati, pofika mwezi uti. Malire ayendedwe ndi mapazi, manda ndi madambo zitchulidwe. Pomaliza jambulani acta pa foni ndipo kope lina lisungidwe ku tchalitchi. Abale athu amene anasamutsidwira ku Cateme mu 2009 ndi 2010 chifukwa cha mgodi wa malasha wa ku Moatize anafika potseka njanji mu Januwale 2012, akudandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Mphamvu ya mudzi imakhalapo nyumba zisanagumulidwe. Anthu akasamuka, chotsala ndi kupempha.

Palinso ndalama zimene lamulo linapereka kale kwa midzi: 2,75% ya msonkho wa zokumbidwa m'migodi kumene kuli migodiyo, ndi 20% ya msonkho wa nkhalango ndi nyama zakutchire kumene amadula mitengo. Ya 20% imafuna komiti ya mudzi yodziwika ku boma ndi akaunti ku banki, ndipo mudzi umene ulibe ziwirizi umangoyang'ana magalimoto a matabwa akudutsa. Lembani kalata yofunsa ku distrito kuti zinabwera zingati ndipo zinagwira ntchito yanji. Lamulo la ufulu wodziwa zinthu (Lei 34/2014) limapatsa ofesi masiku 21 kuti iyankhe. Pitani ndi makope awiri, lanu alidinde ndi kulemba tsiku. Popanda chidindo, mawa adzati kalata sanaione. Nkhani ikafika poti ndi mlandu, IPAJ, ofesi ya Boma yothandiza pa milandu, imathandiza osauka mwaulere.

Za sikelo n'zosavuta. Mpingo ugule yake. Kuyesa ngati ili bwino, kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi: yezani chigubu chopanda kanthu, thiranimo malita 20, muyezenso. Alimi aziyezera pa tchalitchi asanakumane ndi venda, ndipo soya kapena nyemba azigulitsa pamodzi. Chimanga cha mpingo chisonkhedwe pokolola, chiumitsidwe bwino, chisungidwe m'matumba osalowa mpweya kuti anankafumbwe asachithe, kenaka chizibwerekedwa nthawi ya njala popanda chiwongoladzanja.

Mantha a akuluakulu anu ali ndi pake, musawanyoze. Guwa likasanduka la chipani, mpingo umagawika ndipo ku boma sakumveraninso. Choncho nenani nkhani, osati chipani. Asayende munthu mmodzi, chifukwa mmodzi saopsezeka kokha, amagulikanso. Pitani pamodzi ndi mipingo ina ndi Asilamu a m'dera lanu, ndipo Akatolika ali kale ndi Comissão de Justiça e Paz, komiti yawo yoona za chilungamo ndi mtendere. Mphatso ya malata a tchalitchi yochokera kwa amene akufuna malo a mudzi ikanidwe mwaulemu consulta isanathe.

Chowawa n'chakuti ena mwa obwereketsa ndowa imodzi mu Febuluwale n'kulandira ziwiri pokolola amakhala pa mipando ya kutsogolo m'tchalitchi. Ena olanda mayi wamasiye munda amaimba kwaya. Musanalembe kalata yopita ku distrito, bwalo la akulu a mpingo liyambe lakhala pansi pa katapila ndi pa minda ya amasiye a mumpingo mwanu, ndipo chigamulo chake chiwerengedwe pamaso pa onse.