Za timphete tozizira ndi mafunde a microwave

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kusintha mafunde a microwave omwe chipangizo chikugwira popanda kuchisulanso. Kumbukirani ng'oma yomwe anyamata amaiwamba pamoto gule asanayambe kuno ku Salima: chikopa n'chomwecho, koma kaliridwe kasintha.

Chipangizo chotere, chotchedwa metamaterial, ndi timphete tachitsulo todulidwa pang'ono, toyalidwa ngati maso a ukonde. Kalikonse n'kochepa kuposa funde lenilenilo (la mu uvuni wa microwave, logwedezeka ka 2.45 biliyoni pa sekondi, limatalika masentimita pafupifupi 12), ndipo kamalira pa frequency (kuchuluka kwa kugwedezeka pa sekondi) yakeyake; mafunde a frequency imeneyo ndi omwe kamagwira. Timphete ta kopa timadya mphamvu n'kumatentha. Koma niobium, chitsulo cha mtundu wina, ikazizira kupitirira pa -264°C imataya mphamvu yochepa zedi, motero kulira kwake kumakhala kwakuthwa. Mukaitenthetsako pang'ono, kapena kuyandikiza maginito, ma elekitironi (tinthu tonyamula magetsi) oyenda awiriawiri, omwe amachititsa kuti isataye mphamvu, amachepa, frequency n'kutsika. Apa ng'oma yasiyana nayo, chifukwa iyo ikawambidwa mawu amakwera.

Chovuta ndi kuzizirako. Niobium imafuna helium wamadzi. YBCO, chinthu china chomwe nacho chimataya mphamvu yochepa zedi chikazizira, imakhutira ndi nayitrojeni wa -196°C. Firiji yosungira chambo ku Senga Bay siingayandikeko n'komwe.