Magazi a mwana akuti ali bwino, nanga akumubayiranji kachiwiri?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu ku Machinga, amene akukhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Mwana wawo wamwamuna ali ndi chaka ndi miyezi 8. Wagonekedwapo kawiri ndi chibayo, ndipo zithupsa za m'khwapa ndi m'khosi sizikutha: akazing'amba, pakapita milungu zatulukanso. Mayi ndi mwana onse alibe HIV. Magazi anayezedwa, adokotala anati maselo ndi okwanira, komabe akufuna kutenga ena, ndi a mayi omwe. Chakumapeto analembanso kuti mchimwene wawo anamwalira ali wamng'ono ndi zilonda zosapola. Funso lawo ndi ili: "Ngati magazi ali bwino, kachilombo sanakapeze, akufunanso chiyani m'thupi mwa mwana wanga?"

Mayi, pepani ndi matenda. Ine ntchito yanga ndi ya mu labotale, timabotolo ta magazi ndimagwira tsiku ndi tsiku, ndiye ndikupemphani chinthu chimodzi poyamba: adokotala amenewo musawathawe. Akuganiza bwino.

Ife Amalawi tikamva zoti chitetezo cha m'thupi chatsika, maganizo amathamangira ku HIV basi. M'pomveka, tinaika maliro ambiri. Koma pali ana ena amene amabadwa asilikali awo a m'thupi ali ndi chilema, ndipo kachilombo sikakhudzidwa n'komwe.

Kuyeza kumene anachita koyamba kuja timati FBC. Magazi amalowa m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, makina n'kuwerenga maselo ofiira, oyera ndi aja othandiza magazi kuundana. Kwa munthu wamkulu maselo oyera amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho kamene timati microlitre. Kwa ana aang'ono amakwererapo. Maselo oyerawa ali mitundu isanu, koma iwiri ndiyo ikukhudza mwana wanu. Ma neutrophil ndi amene amayamba kufika pabala, kumeza mabakiteriya n'kufera pomwepo. Mafinya mumawaona aja ambiri ndi mitembo yawo. Ma lymphocyte ndi amene amasunga nkhope ya mdani, ena amapanga ma antibody, zida zimene thupi limagwirira tizilombo, ena amalamulira nkhondo, ndipo CD4 imene tonse timaidziwa ndi gulu limodzi chabe mwa iwowa.

Tsono vuto la FBC ndi loti imangowerenga mitu. Ili ngati kuima pachipata cha kampu ya asilikali n'kuwerenga amene alowa. Onse alipo, yunifolomu avala, koma kodi mfuti zawo zili ndi zipolopolo? Zimenezo FBC sinena.

N'chifukwa chake pali kuyeza kwina kotchedwa DHR. Neutrophil ikameza kachilombo imayenera kutulutsa mankhwala oopsa, ofanana ndi aja oyeretsera zovala, kuti kafere m'kati mwake. Mu labotale timatenga magazi, kuthiramo utoto wa DHR, kenako kuwaputa maselowo kuti ayambe ndewu. Selo yabwino imasintha utotowo n'kuwala mobiriwira ikamadutsa pa kuwala kwa laser m'makina a flow cytometry, mmene maselo amayenda pamzere umodziumodzi ngati nyerere. Pa kompyuta timaona phiri la timadontho litasunthira kudzanja lamanja. Ngati maselo alibe mphamvu ija, phirilo limangokhala pomwe linali, phee. Matenda ake ndi chronic granulomatous disease, mwachidule CGD, ndipo zizindikiro zake n'zimene mwalembazi: zithupsa zobwerezabwereza, anabere a mafinya, chibayo. Dzina la matenda a mwana wanu adzatchula ndi adokotala akaona zotsatira, koma ndi zizindikiro zotere palibe dokotala wosamala amene angadumphe kuyeza kumeneku.

Nanga magazi anu akuwafuniranji? Mtundu wofala wa CGD umadutsira mwa mayi kupita kwa ana aamuna, chifukwa chilemacho chimakhala pa chromosome X, kachingwe konyamula zamumtundu kamene mwana wamwamuna amatengera kwa mayi ake. Mayi amatha kukhala wathanzi, koma pa DHR magazi ake amaonetsa mapiri awiri, lina la maselo owala, lina la osawala. Apa mpamene nkhani ya achimwene anu ikulemera. Mwaiika kumapeto kwa imelo ngati yongodutsa, koma kwa ine ndiyo inandiimitsa mutu. Mukawauze adokotala, ndipo muimbire foni kumudzi mufunse akuluakulu ngati kumtundu kwa mayi anu kunafanso ana ena aamuna ali aang'ono. Ndiponso wina asakulozeni chala kuti mwana mwam'dwalitsa ndinu, kapena kuti ndi tsempho. Zamumtundu munthu sasankha.

Mwina adzayezanso ma antibody atatu, IgG, IgA ndi IgM. Mwana amabadwa ndi IgG ya mayi ake imene inadutsa m'chiberekero, ndipo imatha pang'onopang'ono m'miyezi 6 yoyambirira. Ndiye mwana amene thupi lake silipanga yakeyake amaoneka wathanzi poyamba, matenda n'kudzayamba atasiya kudalira ya mayi. Pa makina omwe aja a flow cytometry amawerenganso ma lymphocyte gulu ndi gulu: CD4, CD8, CD19 ndi ena. Muyang'anenso paphewa pamene anabayidwa katemera wa BCG atabadwa. Ngati panatupa kwa nthawi yaitali, kutuluka mafinya, kapena mwanabere wa m'khwapa la mbali yomweyo anakula, nenani, chifukwa katemerayu ali ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa ndipo ana a chitetezo cholumala timawavuta.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa enanu mukuwerenga muli ndi pepala lanu m'manja lolembedwa L pambali pa neutrophil, kusonyeza kuti atsika, ndipo tulo simukupeza. Anthu akuda ambiri timabadwa opanda chizindikiro chotchedwa Duffy pa maselo ofiira, zimene zimatiteteza ku malungo a mtundu wa vivax, ndipo anthu otere ma neutrophil awo m'magazi amakhala ocheperako mwachibadwa, nthawi zina pansi pa 1,500, koma sadwaladwala. Mantha enieni amayamba akatsika pansi pa 500. Mankhwala ena monga Bactrim ndi AZT amathanso kuwatsitsa. Ndipo ngati okwera ndi ma eosinophil, mtundu wina wa maselo oyera, inu munakulira kunyanja ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, ayambe akuyezani likodzo ndi njoka za m'mimba.

Tibwerere kwa mwana. Magazi a DHR safuna kugonera. Maselo ayenera kufika ku labotale akadali amoyo, ndiye tsiku ndi ola limene akuuzani musaliphonye, ngakhale abwana kuntchito achite nkhope. Nthawi zambiri amatenganso magazi a munthu wathanzi kuti ayerekeze. M'zipatala za boma magazi amapita ku NHLS, bungwe la boma loyendetsa ma labotale, ndipo madokotala a ana odziwa za matenda ovuta chonchi amapezeka m'zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi Rahima Moosa ku Coronationville, mukakhala ndi kalata yochokera kukiliniki. Za mapepala musaope: mu Epulo 2023 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg linagamula kuti ana osakwana zaka 6, amayi apakati ndi oyamwitsa ayenera kuthandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti.

Akapeza kuti ndi CGD, chithandizo chilipo. Mwana amamwa Bactrim ndi itraconazole tsiku lililonse kuti mabakiteriya ndi nkhungu zisamupeze mpata, ndipo ena amachira ataikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina. Popita mutenge buku lake la kusikelo, lija la Road to Health, makalata onse a pomutulutsa m'chipatala, ndi pepala limene mwalembapo masiku amene chithupsa chilichonse chinatuluka komanso mankhwala amene anamwa. Mukalandira zotsatira mundilemberenso, tidzaziwerengere limodzi.