Kakobidi kabowo pakati nka ku Korea?

Funso: Akonzi, m'jekete ya kaunjika yomwe ndinagula pamsika wa Mzuzu munali kakobidi kabowo la ngodya zinayi. Ena akuti nka ku Korea. Ndikakweche kawale? Wowerenga, Chibavi.

Yankho: Musakakweche, achimwene. Phulusa ndi mandimu zimachotsa kubiriwira kwa pamwamba, mtengo nkutsika. Kapukuteni ndi kansalu kouma basi.

Werengani zilembo zinayi zozungulira bowolo kuyambira pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere. Zikakhala 常平通寶, ndi Sangpyeong Tongbo, ndalama yomwe ufumu wakale wa ku Korea wotchedwa Joseon unafalitsa kuyambira mu 1678. Zilembo ndi kapangidwe adatengera ku China, komwe kuzungulirako kumaimira thambo, bowolo dziko lapansi, ankatungiraponso chingwe. Chilembo chapamwamba kumbuyo chimatchula ofesi yomwe idakapanga. Ndalamazi adazipanga zochuluka zedi, choncho musayembekezere chuma.