Sipanala ya 13 si ya hafu inchi, achimwene

Mwandilembera pa imelo kuti muli ndi masipanala a mamilimita okhaokha, ndiye amalume anu akupatsani thalakitala ya Massey Ferguson 135 kuti muzikonza, mugulenso a mainchi kapena shifitini ikwana? Funso limeneli landikhudza kwabasi chifukwa ine ndinalirapo nalo.

Ndili sipanala boyi pa galaja ina ku Ndirande kunabwera thalakitala yangati yomweyo. Bawuti imodzi inasowa, ine kuthamanga kukatola bawuti ya mamilimita ya M8 m'chitini, mutu wake 13 mm, kuyang'ana ndi maso ikufanana ndendende ndi inzake ija. Inalowa bwinobwino kawiri katatu kenako nkuyamba kulimba, ine mmalo moima ndinawonjezera mphamvu mpaka mazinga onse a mkati anadyeka. Bwana sanakalipe, anangondipatsa bawuti yakale nkuti ndiyike pambali pa yangayo ndione mazinga. Bawuti yakaleyo inali ya mainchi, 5/16, mutu wake hafu inchi. Thalakitala inagona masiku awiri mwini wake akudikira kukalima, mpaka lero zimandiwawa.

Inchi imodzi ndi 25.4 mm, ndiye hafu inchi ndi 12.7. Sipanala ya 13 imalowa inde koma imasewera, bawuti ikakhala ya dzimbiri makona amatha, mutu nkusanduka wozungulira. Ine ndimakana zoti "bola yagwira". Makaniko amene amamenya 14 ndi hamala kuti ilowe pa 9/16, yomwe ndi pafupifupi 14.3, akuwonongera mnzake amene adzatsegule mawa, ndipo kasitomala ndi amene amalipira osadziwa.

Komanso tisamanamizane kuti mainchi anatha. Toyota nthawi zambiri mumamasula ndi 10, 12, 14, 17, koma soketi yomweyo ya 17 mumaiveka pa chogwirira cha hafu inchi kapena 3/8. Tayala lolembedwa 195/65 R15, 195 ndi mamilimita, 15 ndi mainchi a limu, pa tayala limodzi! Ku hadiweya timagula misomali ya 4 inchi, paipi ya hafu inchi, palibe amene amadabwa. Ndiye palinso mtundu wina wa mabawuti a mainchi, Whitworth, ya Joseph Whitworth wa ku England kuyambira 1841, mazinga ake ndi a madigiri 55 pomwe a mamilimita ndi a UNF (mtundu winanso wa mainchi) ndi 60. Mumaipeza pa Land Rover yakalekale kapena injini yakale ya Lister ya pachigayo, ndipo nambala ya pa sipanala yake imanena kukula kwa bawuti osati mutu, apa ndi pomwe anyamata ambiri amasokonezeka.

Ndiye mugule chani?

Gulani a mainchi, 7/16, 1/2, 9/16, 5/8 ndi 3/4 poyambira. Pa 3/4, 19 imagwira bwino chifukwa 3/4 ndi 19.05 mm. Shifitini isiyeni ya pangozi. Bawuti iliyonse yambani kuimanga ndi zala, ikalimba msanga itulutseni, ndipo za thalakitalayo muzisunga m'chitini chakechake.