Usatumize ndalama chipindacho usanachione

Mng'ono wanga, pa zonse wafunsa za chaka choyamba ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba ija, ine mtima wandithamanga pamene wati pali mchimwene wina wakonkuno ku Salima amene akukupezera chipinda cha lendi ku Chikanda, pafupi ndi sukuluyo, ndiye akuti utumiziretu ndalama. Ayi. Usatumize. Kaya mumapemphera mpingo umodzi, kaya mayi ake amagulitsa limodzi ndi mayi ako pa Kamuzu Road, usatumize.

Ine anandipanga zomwezo. Wanga anali conti (wophunzira amene anayamba kale) wa chaka chachitatu, kwawo kufupi ndi kwathu ku Lifuwu, wolankhula mwaulemu mpaka amayi ankamutchula kuti mwana wanga. Anatitumizira zithunzi za chipinda cha simenti, chitseko cha buluu, mpopi pabwalo. Akuti landilodi akufuna ya miyezi itatu msangamsanga chifukwa ena akuchilimbirana. Amayi anagulitsa mpunga umene anasungira kuti udzakwere mtengo, kugulitsa motchipa kwa mavenda, ndalama yonse n'kupita pa foni ya munthu ameneyo.

Tsiku lopita ndinanyamuka m'mamawa, minibasi yoima paliponse, Chipoka, Golomoti, kukasintha pa Balaka, kudikira ina idzaze. Ndili pa Liwonde ndinamuimbira, anayankha bwinobwino kuti ukafika pa depoti undiuze. Kufika Zomba kukuda, foni yake yazima. Ndinakwera kabaza, wina atanyamula katundu: matiresi opinda ndi chingwe, ndowa, mbaula, thumba la ufa, kabasiketi ka usipa. Nyumbayo tinaipeza ndithu, chitseko cha buluu chomwecho. Kugogoda, kutuluka mtsikana atavala chitenje, mpeni wodulira tomato uli m'manja, akuti muno ndikukhalamo ine kuyambira chaka chatha. Mayi eni nyumba kubwera, kundiyang'ana ine, kuyang'ana matiresi, n'kunena kuti mwanawe, si iwe woyamba kubwera ndi dzina limenelo sabata ino. Apo n'kuti kamvula kakuwaza, mphepo ikutsika m'phiri muja, ine ndili ndi kabulauzi ka kunyanja, mano akugundana. A kabaza akufuna ndalama zawo. Ufa ukunyowa. Amayi akuimba kufunsa ngati ndafika bwino, ine kuyankha kuti eee ndafika, chipinda n'chabwino, kwinaku misozi ili chuchuchu. Usiku umenewo ndinagona m'khitchini ya mayi aja pambali pa matumba a makala.

Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamayo ayi. N'choti munthuyo sanathawe n'komwe! Ndinkakumana naye pa Great Hall atavala nsapato zatsopano, kundipatsa moni wa "mlongo muli bwanji", Lamulungu ali kutsogolo kuyambitsa kolasi. Kumufunsa, akuti nayenso anapusitsidwa ndi ejenti. Ejenti wake uti? Dzina alibe, nambala alibe. Pa holide anabwera kudzadya nsima kwa azakhali anga osachita manyazi. Chikomekome cha mkuyu ndithu. Anthu otere amadikira mndandanda wa NCHE wa osankhidwa kupita ku yunivesite utuluke, n'kumasanthula mayina a ana ochokera kusukulu zakwawo, chifukwa akudziwa kuti yaro (wa chaka choyamba) wochokera kumudzi sakana mawu a wakwawo.

Komabe usapite wekhawekha osadziwa munthu. Amene ananditola m'mawa mwake anali atsikana awiri a ku Nkhotakota, anandimva kalankhulidwe n'kundifunsa kuti kodi ndiwe wa kunyanja? Ndinagona pansi m'chipinda mwawo mpaka ndinapeza changa, mmodzi mpaka anadzakhala mesho wanga, wokhala naye chipinda chimodzi. Choncho akwanu uwafunefune ukangofika, ndi amene adzakubwereke ufa mwezi ukapendama. Ndiponso zipinda zapafupi zimathadi msanga, ukachedwa ukakhala kutali ngati ku Matawale kapena Chinamwali, ndalama n'kuthera mayendedwe. Ndiye gwira malo mwachangu, koma pita wekha kapena tuma munthu wamkulu akalowe m'katimo, alankhule ndi mwini nyumba pamaso, afunse za madzi ndi magetsi kuti amalipira ndani, ndipo polipira alembe pa pepala.

Zinazo mwachidule, dzanja latopa. Fomu ya Loans Board, bungwe lokongoza ophunzira ndalama za sukulu, usaizengereze, ili ndi tsiku lotsekera, ndipo uzikumbukira kuti imeneyo ndi ngongole, udzabweza ukadzamaliza. Upkeep, ndalama yodyera ija, ikalowa gula kaye ufa, makala ndi mafuta, foni yatsopano idikire. Ya katapila usayandikire, ngakhale amene akukongozayo ndi mnzako wa m'kalasi. Azibambo a magalimoto oima madzulo aja sindinena zambiri, wamva kale.

Kusukulu kwenikweniko palibe belu, palibe ahedi okuthamangitsa ndi ndodo. Ukajomba palibe akufunse, udzangoona dzina lako pa supp, mayeso obwereza a amene alephera. Ma assignment ndi timayeso ta m'kati mwa semesita timalowa mu CA, malikisi amene amaphatikizidwa ndi a mayeso omaliza, ndipo CA yofooka imakukoka ngakhale mayeso omaliza ulembe bwino. Anzathu ena amene anabwera ndi mapointi okongola a MSCE anawidwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera) chaka choyamba chomwecho, osati chifukwa cha umbuli, koma kuzolowera kupatsidwa manotsi pa bolodi. Kumeneko mphunzitsi amalankhula n'kutuluka, zotsalazo ukazipeza ku laibulale ndi m'mapepala a mayeso akale. Ma conti ali nawo mapepalawo, uwapemphe, bola asakuuze kuti ubwere kudzatenga kuchipinda usiku. Zikakuthina, kaya fizi, kaya wina akukuvutitsa, pita ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira usanafike polira m'bafa.

Tenga mafotokope a satifiketi, kalata yokuitana ndi chiphaso cha unzika, uike m'pulasitiki. Jekete yolemera ugule pa kaunjika konkuno usananyamuke, June ndi July wa ku Zomba si wa ku Senga Bay. Neti usasiye poganiza kuti udzudzu unatsala kunyanja. Mpunga ndi usipa nyamula wambiri momwe ungathere, koma usatsegule thumba lonse pamaso pa anthu, mawa lake mpanda wonse udzakhala abale ako.

Mchimwene wakoyo umufunse nambala ya mwini nyumba lero lomwe. Akayamba za "ndi munthu wovuta, salankhula ndi ana asukulu", undilembere ku inbox.